Mafunso Anu: Ndani kwenikweni amasankha woimira chipani pa upulezidenti?

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Onse akufunsa za zimene zimachitika chisankho cha dziko lonse chisanafike, nthawi imene chipani chikusaka munthu woti nkhope yake ikhale pa pepala lovotera. Mayina a olemba tawasunga monga anatipempha.

FUNSO: Ndakhala m'chipani changa zaka 15. Nsalu za chipani ndili nazo zinayi, msonkhano ukachitika ndimakwera lole kukavina, kampeni ikafika ndimayenda khomo ndi khomo. Koma sindinaponyepo voti yosankha mtsogoleri wa chipanichi. Timangomva pa wailesi kuti nthumwi zasankha uje. Nthumwizo ndi ndani, nanga amazisankha ndani? — Mayi wa ku Lobi, Dedza

YANKHO: Mayi, zimene mwaonazo ndi mmene zilili m'zipani zikuluzikulu zonse kuno kwathu. Membala wamba savotera woimira chipani pa upulezidenti. Ntchitoyi ndi ya msonkhano waukulu, uja timati konvenshoni, ndipo m'holo mumalowa okhawo amene malamulo oyendetsera chipani awatchula kuti ndi nthumwi.

Chipani chimamangidwa ngati makwerero. Pansi pali nthambi, ya m'mudzi mwanu momwemo. Nthambi zingapo zimapanga eriya, maeriya amapanga komiti ya konsitityuwensi, pamwamba pake pali komiti ya boma, kenako ya chigawo, ndipo kumutu kuli komiti yaikulu, imene ku MCP amati NEC, ku DPP amati NGC. Mayina ndi kuchuluka kwa masitepe zimasiyanako chipani ndi chipani, koma pafupifupi paliponse pamakhala makomiti atatu: yaikulu, ya amayi ndi ya achinyamata. Nthumwi zimatengedwa m'masitepe apamwambawo. Mawu anu a ku nthambi kuti akamveke m'holo ayenera kudutsa m'manja anayi kapena asanu, ndipo pa dzanja lililonse akhoza kutayika.

Mukalowa m'holo muja n'kuyang'ana anthu ovala mabaji m'khosi, onse amaoneka ofanana, koma ali mitundu itatu. Alipo amene anasankhidwa ndi anzawo kuchokera pansi. Alipo olowa chifukwa cha udindo umene ali nawo kale, monga aphungu ndi mamembala a komiti yaikulu. Ndiye pali achitatu, amene sanavoteredwe ndi aliyense: anachita kuikidwa. Mtsogoleri anawaitana kuti alowe m'komiti yaikulu, kapena wapampando wa chigawo anawauza kuti agwirizire mpando wina. Nkhani yonse yagona pa gulu lachitatuli.

Amachuluka bwanji? Njira zake ndi zodziwika. Komiti ya boma nthawi yake yatha, koma chisankho sichiitanidwa, akuti ndalama palibe. Msungichuma wamwalira, mlembi walowa chipani china, m'malo mwawo mwaikidwa ogwirizira, ndipo kugwirizirako kumatha zaka. Komiti ina yamveka kuti ikukondera wopikisana amene akuluakulu sakumufuna, ndiye kutatsala miyezi itatu imathetsedwa pa mlandu wa kusamvera, n'kubwera komiti yongoyembekezera. Palinso kagawidwe ka maboma. Dziko lili ndi maboma 28, koma chipani chili ndi ufulu wogawa boma limodzi pawiri kapena patatu pa kayendetsedwe kake, ndipo gawo lililonse latsopano limabwera ndi nthumwi zake. Wogawayo ndi amene amadziwa kumene kuli anthu ake.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti nthumwi zilipo 1,000, opikisana ndi anayi, ndipo wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana. Mwa nthumwizi, 250 ndi zochita kuikidwa, ndipo zikudziwa amene anaziika. Zotsala 750, zosankhidwa kuchokera pansi, zagawa mavoti motere: woyamba 300, wachiwiri 200, munthu wa akuluakulu 150, wotsiriza 100. Kwa anthu apansi, munthu wa akuluakuluyo ndi wachitatu. Koma mukaphatikiza 250 aja ali ndi 400, ndipo wapambana moonekeratu. Palibe bokosi labedwa, palibe pepala lafufutidwa, oyang'anira chisankho asaina ndi mtima woyera. Chisankhocho chinatha tsiku limene mndandanda wa nthumwi unalembedwa.

Ndiye funso loti mukafunse wapampando wa eriya yanu ndi ili: komiti ya konsitityuwensi ndi ya boma zinasankhidwa liti komaliza, ndipo mwa anthu ali m'menemo ndi angati ogwirizira? Yankho lake likuuzani ngati mawu a amayi a ku Lobi amafika ku konvenshoni kapena amathera panjira.

FUNSO: Pokambirana ndi anzanga kusukulu, wina anati ngakhale ku America kuli anthu otchedwa superdelegates amene amatha kusintha zofuna za anthu. Ine ndimaganiza kuti kumeneko aliyense amavota. Zoona zake ndi ziti? — Mphunzitsi wa sekondale, Ntcheu boma

YANKHO: Aphunzitsi, nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi. Ku America mamiliyoni a anthu amavota pa zisankho zachipulula, dera ndi dera, kuyambira kumayambiriro kwa chaka cha chisankho mpaka cha mu Juni. Mavoti amenewo ndi amene amagawa nthumwi kwa opikisana, ndipo nthumwizo zimapita ku konvenshoni zitalonjeza kale munthu wokamuvotera. Koma chipani cha Democratic chilinso ndi nthumwi zina zosamangidwa ndi lonjezo lililonse. Amenewa ndiwo ma superdelegates: mamembala a komiti yaikulu ya chipani, amene ndi oposa theka la gululi, aphungu ndi maseneta a chipanicho, magavanala, ndiponso atsogoleri akale monga amene anakhalapo pulezidenti. Ambiri anasankhidwapo pa maudindo ena, koma palibe anawasankha kuti akavotere wakutiwakuti.

Chiyambi chake ndi ichi. Mu 1968 chipanichi chinasankha Hubert Humphrey ku Chicago, munthu amene sanapikisane nawo pa chipulula n'kamodzi komwe. Mabwana a chipani ndiwo anamunyamula, kunja kwa holo apolisi akumenyana ndi ochita zionetsero. Zitatero malamulo anasinthidwa, mphamvu n'kupita kwa ovota wamba. Koma mu 1972 George McGovern, amene anadutsa m'njira yatsopanoyi, anagonja kwa Richard Nixon m'madera 49 mwa 50, ndipo mu 1980 Jimmy Carter anagwa kwa Ronald Reagan. Akuluakulu anati ayi, tapereka chiwongolero chonse. Komiti yotsogozedwa ndi Jim Hunt, gavanala wa North Carolina, inabweretsa ma superdelegates mu 1982, ndipo anayamba kuvota mu 1984, chaka chimene anathandiza Walter Mondale kumaliza mpikisano wake ndi Gary Hart.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti kuyambira pamenepo ma superdelegates sanalandepo chipambano kwa munthu amene anatsogola pa nthumwi zochokera kwa ovota. Mu 2008 ambiri anayamba ali kwa Hillary Clinton, koma Barack Obama atatsogola anasamukira kwa iye. Mphamvu yawo inali kwina: kuoneka msanga. Mu 2016 analipo oposa pang'ono 700 mwa nthumwi pafupifupi 4,760, ndipo mazanamazana analengeza kuti ali kwa Clinton munthu ndi mmodzi yemwe asanavote. Ku New Hampshire Bernie Sanders anapambana ndi mavoti pafupifupi 60 pa 100 alionse, n'kupeza nthumwi 15 pamene Clinton anapeza 9. Koma manyuzipepala ataphatikiza ma superdelegates a deralo, awiriwo anaoneka ngati alingana. Wopereka ndalama za kampeni akaona manambala otere amayamba kubweza dzanja, wovota naye amati ndivutikiranji poti zatha kale. Pa 6 Juni, kutatsala tsiku limodzi kuti California ivote, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linalengeza kuti Clinton wakwanitsa nambala yofunika, litawerengera ma superdelegates omwewo. Clinton anali patsogolo ndithu ngakhale popanda iwo, ndi nthumwi pafupifupi 2,200 pamene Sanders anali ndi pafupifupi 1,850, koma mkwiyo unatsala.

Mu Ogasiti 2018 chipanicho chinasintha lamulo. Tsopano ma superdelegates savota pa ulendo woyamba, pokhapokha wina atapambana kale moti mavoti awo sangasinthe kanthu. Amalowa ngati ulendo woyamba walephera kutulutsa wopambana.

Izi sizikutanthauza kuti akuluakulu anasiya kukhala ndi mawu. Mu Julayi 2024 Joe Biden, amene anali atapambana chipulula, anasiya mpikisano atapanikizidwa ndi akuluakulu a chipani chake komanso opereka ndalama, ndipo m'masabata awiri nthumwi zinavomereza Kamala Harris popanda chipulula china. Kusiyana kwake ndi kwathu kuno n'kwakuti kumeneko mayina a ma superdelegates amadziwika, chiwerengero chawo chimadziwika, ndipo ndi gawo lochepa. Kuno tingati nthumwi zonse zili ngati ma superdelegates, chifukwa palibe imodzi yomwe imapita ku konvenshoni itamangidwa ndi voti ya mamembala a kwawo.

FUNSO: Ine sindikuona cholakwika. Kwathu kuno mfumu ikamwalira si mudzi wonse umene umasankha, ndi eni mbumba amene amakhala pansi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukasiyira gulu, adzasankha wolankhula mokoma kapena wa ndalama. — Bambo wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, mfundo yanu ndi yolemera, ndipo sitikuitaya. Amene agwira ntchito ndi munthu zaka khumi amadziwa zimene gulu la pabwalo la msonkhano silingaone: ngati amasunga mawu, ngati amamva uphungu, mmene amachitira ndi ndalama zosakhala zake. Chipani chopanda sefa chikhoza kulandidwa ndi munthu wachuma amene wabwera dzulo. N'chifukwa chake zipani zambiri padziko zili ndi sefa yake. Ku Britain aphungu a chipani cha Conservative ndiwo amachepetsa opikisana mpaka atsale awiri, mamembala n'kusankhapo mmodzi. Ku Tanzania mu 2015 anthu oposa 30 ankafuna kuimira chipani cholamula cha CCM. Komiti yapakati inasiya asanu, komiti yaikulu inasiya atatu, msonkhano waukulu ku Dodoma n'kusankha John Magufuli. Edward Lowassa, amene anali ndi anthu ambiri pambuyo pake, dzina lake linadulidwa asanu aja asanatuluke. Anapita ku chipani chotsutsa cha Chadema n'kukapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse pa chisankho cha dziko. CCM inapambanabe, koma sefayo inaidyera mavoti ochuluka.

Pa za ufumu, tiyeni tione bwino. Eni mbumba amadziwika ndi mudzi wonse, anabadwira m'menemo, ndipo wofuna ufumu sangadzipangire azakhali atsopano usiku umodzi kuti amusankhe. M'chipani zimenezi zimatheka. Wopikisana yemweyo, ngati ali kale pampando, ndi amene amaika ena mwa omusankha. Apa ndi pamene fanizo lanu likuthera. Chinanso, chipani si banja. Gawo 40 la malamulo a dziko limati chipani chimene chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi chithandizidwe ndi ndalama za boma, kutanthauza msonkho wa mlimi wa kachewere wa ku Bembeke, kaya ndi wa chipanicho kaya ayi.

Mbiri yathu yomwe ili ndi phunziro. Bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti itagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi 2002, ndipo ya teremu yachitatu italepheranso, a Bakili Muluzi mu 2003 analoza a Bingu wa Mutharika kuti ndiwo aimire UDF. A Bingu anali atapikisana nawo mu 1999 pa chipani chawo cha United Party osafika ngakhale voti imodzi pa 100, ndipo mu UDF analibe mizu. Konvenshoni inangodinda chidindo pa zimene zinagamulidwa kale. A Aleke Banda anachoka, a Justin Malewezi, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anachokanso n'kukaima paokha. Aphungu a UDF anatsika kuchoka pa 93 mu 1999 kufika pa 49 mu 2004. A Bingu anapambana ndi mavoti ochepera 40 pa 100, ndipo mu Febuluwale 2005 anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Chipani chimene chinapambana chisankho chinapezeka chili kotsutsa pasanathe chaka. Kaya a Bingu analamulira bwino kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ina. Ife tikunena za zimene zinagwera chipani chimene chinalola kuti munthu mmodzi achisankhire.

Yerekezani ndi MCP mu Ogasiti 2013. A John Tembo, mwana wa kuno ku Dedza amene anaimira chipanicho mu 2004 ndi 2009, anatsika pampando, ndipo panali mpikisano weniweni wa anthu angapo, kuphatikizapo a Lovemore Munlo amene anali mkulu wa makhoti. Nthumwi zinasankha a Lazarus Chakwera, m'busa wochokera ku Assemblies of God, amene sanakulire m'makomiti a chipani. Nthumwi zinali zochepa poyerekeza ndi mamembala onse, inde, koma zotsatira sizinalembedwe pasadakhale, ndipo chipani sichinang'ambike pakati.

Ife tikuona kuti akuluakulu ali ndi malo awo. Aunike ngati wopikisana akukwaniritsa zoyenereza zimene zinalembedwa kale, alangize, anene poyera amene akumufuna. Chimene sitigwirizana nacho ndi kusintha zoyenerezazo mpikisano utayamba, monga kubweretsa mwadzidzidzi lamulo la zaka zimene munthu wakhala m'chipani kapena kukweza ndalama yolembetsera pofuna kutchinga munthu mmodzi wodziwika. Moto wotero suzima m'dambo, umangolowa pansi, ndipo umadzatulukira pa tsiku lovota.

FUNSO: Kuno ku Ntcheu takhala tikupereka achiwiri kwa pulezidenti. Kodi woima naye pulezidenti amasankhidwanso ku konvenshoni? — Mnyamata wa kabaza, Kampepuza

YANKHO: Ayi achimwene. Gawo 80 la malamulo a dziko limangoti woimira upulezidenti atchule wachiwiri wake pa nthawi yopereka zikalata ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Silinena kuti akhale wachiwiri wa chipani, kapena kuti nthumwi zimuvomereze. Apa ndi pamene anthu ochepa ozungulira mtsogoleri ali ndi mphamvu yoposa pena paliponse, ndipo nthawi zambiri ngakhale komiti yaikulu imamvera limodzi ndi ife tonse.

Za kwanu mukuzidziwa. Mu 2014 a Peter Mutharika anatenga a Saulos Chilima a ku Nsipe kuchokera ku Airtel, asanakhalepo pa udindo wosankhidwa m'chipani. Mu 2019 anatenga a Everton Chimulirenji, phungu wa ku Ntcheu konko, akuluakulu ambiri a DPP asakuyembekezera. Mu 2025 anatenga mayi Jane Ansah. Ku MCP a Chakwera mu 2019 anaima ndi a Sidik Mia, amene konvenshoni ya 2018 inawasankha kukhala wachiwiri m'chipani, koma mu 2025 anaima ndi a Vitumbiko Mumba pamene wachiwiri woyamba wa chipani anali mayi Catherine Gotani Hara.

Chimene osankhawo amayang'ana ndi mapu. Chiyambire chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ndiye woima naye amafunika abweretse chigawo kapena chipani chimene mtsogoleri alibe. Vuto limabwera pambuyo. Wachiwiri amasankhidwa ndi anthu pa pepala limodzi ndi pulezidenti, ndipo pulezidenti sangamuchotse ngati nduna. Akayamba kuoneka ngati wolowa m'malo, aja anamubweretsa amasanduka omutchinga. Mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010 pa nkhani ya wodzalowa m'malo mwa a Bingu, koma anakhalabe wachiwiri, ndipo pa 7 Epulo 2012 analumbira kukhala pulezidenti. A Chilima anachoka mu DPP mu Juni 2018 konvenshoni isanachitike, mwezi wotsatira n'kukhazikitsa UTM ku Masintha mu Lilongwe.

FUNSO: Ndine mmodzi wa nthumwi za boma lathu. Nthawi ya konvenshoni ikayandikira mafoni sapuma, aliyense akuti tikumane. Ena amatipatsa ya thiransipoti yoposa mtengo wa ulendo. Ndikalandira ndiye kuti ndagulidwa? Nanga angadziwe mmene ndavotera? — Nthumwi ya ku Mtakataka

YANKHO: Bambo, zikomo pofunsa mosabisa. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, koma limalola kubweza ya thiransipoti, chakudya cha pamsonkhano ndi zipangizo za kampeni monga nsalu ndi malaya. Khomo limeneli ndi limene ambiri amalowera. Muyeso wake mukuudziwa nokha: mtengo wa minibasi kuchoka ku Mtakataka kufika kumene mwaitanidwa, chakudya ndi pogona. Yapamwamba pa imeneyo si ya thiransipoti. Ndipo zindikirani kuti kuchepa kwa nthumwi ndi kumene kumakweza mtengo wanu. Munthu sangagule ovota mamiliyoni, koma anthu mazana angapo akhoza kuwafikira mmodzimmodzi.

Zimene muyenera kusamala nazo ndi izi. Choyamba ndi kusungidwa. Wopikisana amatumiza basi, amakutengani masiku awiri kapena atatu msonkhano usanayambe, amakuikani pa loji imene walipira, pageti pali anyamata ake. Amati n'kukusamalirani, koma cholinga n'chakuti opikisana ena asakuoneni. Ngati chipani chakonza mayendedwe ndi pogona pa nthumwi zonse, pitani kumeneko. Usiku womaliza kumayenda kapepala ka mayina oti muwachonge kuyambira pulezidenti mpaka wofalitsa nkhani, ndipo amati achokera kumwamba. Kapepala kameneko si lamulo la chipani.

Pa za chinsinsi, voti ya m'bokosi imadziwika m'njira zochepa, ndipo zonse zikhoza kutsekedwa. Ina ndi kujambula pepala ndi foni kuti mukaonetse wokulipirani, n'chifukwa chake pamafunika lamulo loti foni isalowe mobisalira movotera, ndipo lamulo limeneli limateteza inu. Ina ndi nambala ya pepala lovotera kulembedwa pafupi ndi dzina lanu pa mndandanda. Mukaona kalaliki akuchita zimenezi, itanani oimira opikisana onse nthawi yomweyo. Ina ndi kuvota boma ndi boma m'mabokosi osiyana. Nthumwi za boma lanu zikakhala zochepa, zotsatira za bokosi lanu zimaulula pafupifupi aliyense, choncho mabokosi asakanizidwe asanawerengedwe. Inanso ndi wothandiza kuvota amene amaperekedwa kwa okalamba ndi osadziwa kuwerenga. Wothandizayo asankhidwe ndi wovota mwini wake, ndipo munthu mmodzi asathandize anthu ambiri.

Kuvota koima pamzere kumbuyo kwa wopikisana, kumene timakuona pa chipulula cha aphungu, kulibe chinsinsi n'komwe. Mfumu, wapampando ndi wokongoza feteleza onse amakhala akuona. Ngati wina apereka ganizo loti pa mpando wa pulezidenti mungokweza manja kapena kuwomba m'manja poti palibe wopikisana naye, funsani kaye ngati panalibedi wina anatenga fomu, ndipo ngati analipo, anathera pati.

Kumbukiraninso kuti baji ili m'khosi mwanuyo si yanu. Musanakwere basi, itanitsani msonkhano wa makomiti a pansi panu, amve opikisana ndi ati, anene amene akumufuna, mlembi alembe.

FUNSO: Ngati taona kuti mndandanda wa nthumwi wasinthidwa, tingakadandaule ku MEC kapena kukhoti? — Wogulitsa kabichi, Lizulu

YANKHO: Ku MEC ayi. Bungweli limayendetsa zisankho za dziko, ndipo limalandira dzina limene chipani chapereka. Za m'kati mwa chipani zili ndi njira zitatu, ndipo ndi bwino kuzitsata mwandondomeko.

Yambani m'chipani momwemo. Lembani kalata kwa mlembi wamkulu ndi kwa mkulu woona za zisankho, tchulani gawo la malamulo a chipani limene laphwanyidwa, mayina amene achotsedwa ndi amene alowetsedwa, ndiponso tsiku limene ochotsedwawo anasankhidwa. Sainani anthu angapo, sungani kope, ndipo wolandira kalatayo asaine ndi kulemba deti. Ambiri amagwera apa, chifukwa amadandaula pa foni kapena pa WhatsApp, kenako kukhoti n'kusowa chosonyeza kuti anayamba adandaula kwawo. Mufunikanso khadi la umembala kapena umboni wina woti ndinu membala, ndi maminitsi a msonkhano umene unasankha komiti yanu. Komiti yopanda maminitsi ndi yosavuta kuifufuta.

Njira yachiwiri ndi ofesi ya mlembi wa zipani, imene lamulo la 2018 linakhazikitsa. Kumeneko kumasungidwa malamulo a chipani chilichonse cholembetsedwa, ndipo lamulo lomwelo limafuna kuti chipani chisadutse zaka zisanu osachititsa msonkhano waukulu. Ngati akuluakulu akukubisirani buku la malamulo a chipani, yambirani kumeneko.

Yachitatu ndi Khoti Lalikulu. Makhoti athu akhala akulowerera pa mikangano ya m'zipani, ya MCP ndi DPP yomwe. Khoti silisankhira chipani mtsogoleri, limangoona ngati chipani chatsata malamulo amene chinadzilembera chokha. Nthawi ndi imene imapha milandu yotereyi. Chiletso chimathandiza konvenshoni isanachitike. Ikachitika, dzina n'kupita ku MEC, mapepala n'kusindikizidwa, madzi atayika. Pamafunikanso loya ndi ndalama, choncho n'kwanzeru kusonkhana anthu ambiri okhudzidwa kusiyana n'kupita nokha.

Ambiri akakhumudwa amangotuluka. Pa zisankho za aphungu timaziona bwino: oima paokha 52 anapambana mu 2014 ndipo 55 mu 2019, mwa mipando 193, ndipo ambiri a iwo anali anthu a zipani amene anadandaula ndi chipulula. Pa upulezidenti njira imeneyi ndi yotsetsereka kwambiri, palibe woima payekha anapambanapo kuno.

Chimene mungakakamire m'chipani mwanu chisanafike chaka cha chisankho chilipo, ndipo si chachilendo. Ku chipani cha ANC cha ku South Africa nthumwi 90 pa 100 zilizonse zimachokera ku nthambi. Nthambi imayenera kukhala ndi mamembala olipira osachepera 100, kaundula wake amaunikidwa, ndipo msonkhano wosankha nthumwi umayenera kufikapo opitirira theka. Nakonso chinyengo chimachitika, mpaka makhoti analetsa makomiti ena kuvota mu 2017, koma mpikisano umakhala weniweni: chaka chimenecho Cyril Ramaphosa anaposa Nkosazana Dlamini-Zuma ndi mavoti 179 okha mwa oposa 4,700. Kwathu kuno poyambira pake pangakhale potere: zisankho za eriya, konsitityuwensi ndi boma zichitike miyezi isanu ndi umodzi konvenshoni isanafike, wogwirizira aliyense asavote, ndipo mndandanda wa nthumwi umatidwe pa ofesi ya chipani ya boma kwa masiku 30, kuti munthu wa ku Lizulu akathe kuwerenga mayina n'kuloza amene sakumudziwa. Ganizo lotere limalowa kudzera ku komiti ya konsitityuwensi, lolembedwa ndi losainidwa, ndipo liyenera kufika kwa mlembi wamkulu ndondomeko ya zokambirana za konvenshoni isanatsekedwe.